LAMULO LISABISIKE: PHUNZIRO LA KUPEZA NDI KUWERENGA MALAMULO A DZIKO

Malemba oyenera kuwerengedwa poyamba: 2 Mafumu 22:3-13, Nehemiya 8:1-12, Numeri 27:1-11, Macitidwe 22:22-29.

1. Buku limene linataika

Pa caka cakhumi mphambu zisanu ndi zitatu ca ufumu wace, mfumu Yosiya anatuma anthu kukakonza mogumuka m'Kacisi wa ku Yerusalemu. Amisiri ali mkati mwa nchito, mkulu wa ansembe Hilikiya anapeza buku la cilamulo, nalipereka kwa mlembi Safani, ndipo Safani analiwerenga pamaso pa mfumu. Pakumva mau ace mfumu inang'amba zobvala zace, pakuti inazindikira kuti mtundu wonse unayenda zaka zambiri mosemphana ndi lamulo limene unali nalo. Bukulo silinapsye, ndiponso adani sanalibe. Linali m'nyumba ya Mulungu momwemo, koma panalibe wolitsegula. Tsono Yosiya sanalibwezere kumene linali. Anasonkhanitsa anthu onse, akulu ndi ang'ono, nawawerengera.

Kuyambira pa Mose, cifuniro ca Mulungu cinali cakuti lamulo lidziwike poyera. Pa Deuteronomo 27 Aisrayeli analamulidwa kuimika miyala yaikuru, kuimata ndi njereza, ndi kulembapo mau a cilamulo mooneka bwino. Pa Deuteronomo 31 ansembe analamulidwa kuwerenga cilamulo pamaso pa khamu lonse pakutha pa zaka zisanu ndi ziwiri ziri zonse, kuti amve amuna, akazi, ana ndi alendo omwe. Ndipo atabwera ku ukapolo, Ezara anaima pa nsanja ya mitengo ku bwalo la ku Cipata ca Madzi, nawerenga kuyambira mamawa kufikira usana, Alevi ali kuyenda pakati pa anthu ndi kutanthauzira, kuti munthu asangomva phokoso la mau koma agwire cimene anena.

Malamulo a Boma la Zambia sali cilamulo ca Mose, ndipo salingana ndi Mau a Mulungu. Alembedwa ndi anthu, asinthika, ndipo ena a iwo akhoza kukhala olakwa. Komatu Mkristu alangizidwa pa Aroma 13 kumvera maulamuliro, ndipo munthu sangathe kumvera cimene sacidziwa. Ndiponso m'buku la milandu yaupandu la dziko lino, lochedwa Penal Code, mwalembedwa kuti kusadziwa lamulo sikupulumutsa munthu wolakwira lamulolo. Ngati ziri tero, kudziwa kumene malamulo apezeka ndi nkhani ya mlimi, ya mkazi wamasiye ndi ya nyakwawa, si ya maloya okha ai.

2. M'mene makolo anamvera malamulo

Pa masiku a makolo mwambo unali kukhala m'mitima ya akulu. Mlandu unakambidwa pa bwalo poyera, ndipo mwana wokhala pambali ndi kumvetsera anakula akudziwa za malowolo ndi cikamwini, za malire a munda, ndi za mbuzi yodya mmera wa mwini. Lamulo ndi anthu zinali za cinenero cimodzi.

Pofika Azungu kunadza mtundu wina wa lamulo, wolembedwa m'Cingerezi. Dziko linali m'manja mwa British South Africa Company kufikira 1924, ndipo kuyambira caka cimeneco linalamulidwa ndi Boma la ku London. Malamulo anapangidwa ku Livingstone, ndipo kuyambira 1935 ku Lusaka, nasindikizidwa m'nyuzi ya Boma yochedwa Gazette. Munthu wa ku Fort Jameson, kumene tsopano kuchedwa Chipata, sanaione Gazetteyo. Anamva lamulo pakamwa pa mesenjala wa ku Boma kapena pa kapaso wa mfumu, ndipo kawirikawiri analimva tsiku limene anagwidwa nalo. Mu 1929 Boma linabvomereza mabwalo a mafumu kuti aweruze milandu ya mwambo. Mu 1936 linayamba kusindikiza nyuzi yochedwa Mutende m'zinenero za anthu, ndipo kuyambira 1949 wailesi yotsika mtengo, imene inapangidwa ngati sefuliya, inayamba kulowa m'midzi. Zimenezi zinathandiza, koma munthu anali kumva cokhaco cimene Boma linafuna kumuuza.

Dziko linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, ndipo mu 1966 mabwalo a mwambo anasanduka makhoti ochedwa Local Court. Koma mabuku a malamulo anakhalabe m'maofesi a ku tauni. Anali mabuku akulu ndi okwera mtengo, ndipo ngakhale oweruza a m'maboma akutali nthawi zina anasowa masamba atsopano. Lamulo linali ngati buku la m'masiku a Yosiya: liripo, koma lotsekeredwa.

3. Malamulo a Zambia ali a mitundu ingati?

Wofuna kufufuza ayenera kudziwa poyamba cimene afuna, pakuti malamulo ali ndi akulu ndi ang'ono monga banja.

Loyamba ndi lalikulu koposa ndilo Constitution, ndilo lamulo la maziko a dziko. Lamulo liri lonse kapena mwambo uli wonse wotsutsana nalo ulibe mphamvu. Dziko linakhala ndi Constitution ya 1964, ina ya 1973 ya cipani cimodzi, ndi ya 1991, imene inakonzedwa kwambiri mu 1996 ndi mu 2016. M'gawo lace lacitatu ndimo mwalembedwa ufulu wa munthu ali yense: wa moyo, wa kupembedza, wa kulankhula, ndi wa kusalandidwa cuma cace popanda lamulo.

Aciwiri ndiwo malamulo opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Lamulo lisanabadwe lichedwa bilu. Bilu iwerengedwa katatu m'Nyumbamo, aphungu aikambirana, ndipo ikabvomerezedwa ipita kwa Pulezidenti kuti asaine. Pamenepo isanduka Act, nisindikizidwa m'Gazette. Act iri yonse iri ndi dzina, nambala ndi caka. Malamulo akale, amene anasonkhanitsidwa m'mabuku ochedwa Laws of Zambia, ali ndi nambala ina ya mutu, yochedwa Chapter. Wofufuza akumbukire kusiyana kumeneku: bilu ndi mimba, Act ndiye mwana. Anthu ambiri akangana cifukwa ca bilu imene siinabadwe konse.

Acitatu ndiwo malamulo ang'ono ochedwa Statutory Instrument, amene nduna za Boma zilemba ndi mphamvu yopatsidwa ndi Act. Malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba ndi a m'masitolo aikidwa mwa njira imeneyi.

Acinai ndiwo maweruzo a makhoti akulu. Makhoti akwera motere: Local Court, khoti la majisitireti, High Court, Court of Appeal, ndipo pamwamba Supreme Court, pambali pace pali Constitutional Court, yoweruza nkhani za Constitution. Court of Appeal ndi Constitutional Court zinakhazikitsidwa mu 2016. Khoti lalikulu likamasulira lamulo, makhoti ang'ono ayenera kutsata kumasulira kwaceko. Cifukwa cace maloya awerenga maweruzo akale monga mlimi ayang'ana mizere ya caka catha.

Acisanu ndiwo mwambo wa mitundu, umene sulembedwa m'buku. Ulemekezedwa ndi Boma, ndipo ndiwo ugwira nchito koposa m'ma Local Court, malinga ngati sutsutsana ndi lamulo lolembedwa kapena ndi cilungamo.

4. M'mene khomo linatsegukira

Mu 1992 anthu awiri a pa sukulu ya malamulo ya Cornell ku America, Peter Martin ndi Thomas Bruce, anayamba kuika malamulo pa intaneti kuti munthu ali yense awerenge kwaulere. Zambia siinacedwe. Mu 1994 dziko lino linalumikizidwa ku intaneti kupyolera m'kampani ya Zamnet, imene inabadwira pa University of Zambia, ndipo mu 1996 sukulu ya malamulo ya pomwepo inayambitsa nkhokwe yace ya malamulo ndi maweruzo, imodzi ya zoyamba mu Africa. Nkhokwe imeneyo lero ichedwa ZambiaLII. Mu 2002 mabungwe otere a maiko ambiri anasonkhana ku Montreal, nagwirizana kuti malamulo a dziko ndi cuma ca anthu onse, ndi kuti kuwapereka kwaulere kulimbitsa cilungamo.

Tsono munthu wokhala ndi foni yotha kulowa pa intaneti ali ndi makomo angapo. Pa zambialii.org apeza ma Act, ma Statutory Instrument, maweruzo a makhoti ndi ma Gazette. Pa parliament.gov.zm, ndilo tsamba la Nyumba ya Malamulo, apeza ma Act ndi mabilu, maina a aphungu, ndi zolembedwa za mau onse amene aphungu analankhula m'Nyumbamo. Potero munthu akhoza kuona ngati phungu wace ananenapo kanthu za mseu kapena za mlatho wa kwao. Makhoti nawo ali ndi tsamba lao. Ofesi ya Auditor General, yowerengera ndalama za Boma, itulutsa lipoti caka ndi caka losonyeza kumene ndalama zinayenda bwino ndi kumene zinasokera.

Zimene kale zinafuna ulendo wa masiku ndi ndalama za basi, lero zipezeka munthu ali khale pansi pa mtengo wa mango. Koma citseko cotseguka sicilowetsa munthu. Mwini ayenera kunyamuka.

5. Citsanzo: cuma ca masiye

Palibe nkhani yosautsa mipingo koposa kulanda cuma pa maliro. Mwamuna amwalira, ndipo misozi isanaume abale afika, natenga ng'ombe, ngolo, njinga, malata ndi mbale zomwe, nasiya mkazi ndi ana pa mphasa. Akafunsidwa ayankha kuti ndi mwambo. Komatu mwambo wa makolo unapatsa wolowa cuma katundu wolera ana a womwalirayo. Amene atenga cuma nasiya ana wasunga theka la mwambo lomukomera, nataya theka linalo.

Mu 1989 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lochedwa Intestate Succession Act, ndilo Chapter 59, lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya kalata yogawira cuma cace, imene anthu aicha wilo. Lamulolo ligawa cumaco pa zana motere: magawo 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, magawo 50 kwa ana, magawo 20 kwa makolo a womwalira, magawo 10 kwa ena amene iye anali kuwasunga. Wowerenga ayerekeze munthu amene wasiya ng'ombe 10, ngongole zace zitabwezedwa. Mkazi alandira 2, ana alandira 5, atate ndi amai a womwalira alandira 2, ndipo imodzi ipita kwa amene anadalira iye. Mbale kapena mlongo amene anali kudzidyera yekha alibe gawo pamenepo. Ngati akazi ali awiri kapena atatu, agawana magawo 20 omwewo, poyang'ana zaka za ukwati wa yense ndi zina zotere. Ana obadwa kunja kwa ukwati awerengedwa pamodzi ndi anzao, ndipo pogawira ana ayang'ana msinkhu ndi kusowa kwa maphunziro kwa mwana ali yense.

Za nyumba lamulo linena padera: ikhala ya wotsalayo ndi ana, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wace wonse, koma ufuluwo utha akakwatiwanso kapena kukwatiranso. Munthu wosankhidwa kuyang'anira cumaco, amene anthu amucha adiminisitireta, aikidwa ndi khoti, ndipo sali mwini cuma ai. Nchito yace ndiyo kubweza ngongole ndi kugawa monga mwa lamulo, ndipo saloledwa kugulitsa katundu popanda cilolezo ca khoti. Kumana munthu gawo lace loyenera ndi mlandu wolangidwa nawo.

Koma wowerenga wosamala apeza cina pa ciyambi ca lamulo lomwelo: silikhudza minda ya pansi pa mwambo, kapena cuma ca ufumu, kapena cuma ca banja lonse. Munda wa m'mudzi utsata mwambo wa malowo ndi mau a nyakwawa. Wamasiye amene angawerenge magawo okha, osawerenga ciyambi, akhoza kupita ku khoti ndi ciyembekezo cimene lamulo silinamupatse. Cifukwa cace lamulo liwerengedwe lonse, monga Malemba sawerengedwa ndime imodzi yokha.

Caka comweco ca 1989 kunapangidwanso lamulo la mawilo, ndilo Chapter 60. Wilo ilembedwe, mwini asaine pamaso pa mboni ziwiri ziri pamodzi nthawi imodzi, ndipo mbonizo zisainenso. Ndi nzeru kusankha mboni zimene zilibe gawo m'cumaco. Ena aopa kuti kulemba wilo ndiko kuitana imfa. Koma imfa idza kwa olemba ndi osalemba omwe, ndipo mneneri Yesaya anauza mfumu Hezekiya pa kudwala kwace kuti akonze za nyumba yace.

Ana akazi asanu a Tselofekadi, ndiwo Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza, anaima pamaso pa Mose ndi akulu, nafunsa colowa ca atate wao amene anamwalira wopanda mwana wamwamuna. Sanacite cipongwe, ndipo sanakhale cete. Mulungu anawabvomereza, ndipo mlandu wao unasanduka lemba la Israyeli yense. Wamasiye wofunsa gawo limene lamulo limpatsa sacimwa.

6. Ufulu wa kufunsa Boma

Kuwerenga lamulo ndi cinthu cimodzi. Kudziwa zimene Boma licita ndi cina. Dziko la Sweden linapatsa anthu ace ufulu woona makalata a Boma mu 1766. South Africa inapanga lamulo lotere mu 2000, ndipo la ku Malawi linayamba kugwira nchito mu 2020. M'Zambia bilu yotere inabwera m'Nyumba ya Malamulo mu 2002, koma inabwezedwa isanathe, ndipo anthu anailindira zaka zoposa makumi awiri. Mabungwe a atolankhani ndi a mipingo sanaleke kuikumbutsa. Potsiriza, mu Disembala 2023, Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lochedwa Access to Information Act, nambala 24 ya 2023, ndipo linayamba kugwira nchito mu 2024.

Mwa lamulo limeneli mbadwa ikhoza kupempha ofesi ya Boma kapena khonsolo kuti imuonetse zimene isunga, ndipo maofesiwo ayenera kuika munthu wolandira mapempho otere, ndi kufalitsa zina okha osalindira kufunsidwa. Ziripo zimene zikhoza kukanizidwa, monga zokhudza citetezo ca dziko ndi zinsinsi za moyo wa munthu wina. Wokanizidwa popanda cifukwa comveka akhoza kudandaula, ndipo bungwe la Human Rights Commission ndilo linapatsidwa nchito yoyang'anira lamuloli.

Kodi zimenezi zikhudza bwanji munthu wa kumudzi? Mu 2022 ndalama za citukuko zopatsidwa ku dera la phungu ali yense, zochedwa CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa caka. Ndalama zimenezo ndizo zimangira zipinda za sukulu, zipatala zazing'ono ndi zitsime, ndi kulipirira ana osauka maphunziro. Ngati cipinda ca sukulu caima pa mazenera kwa zaka ziwiri, anthu a pamalopo sayenera kungong'ung'udza pa mowa kapena pa citsime. Akhoza kufunsa komiti ya citukuko ya wadi yao, ndi kulembera khonsolo kuti: nchitoyi inapatsidwa kwa yani, pa mtengo wanji, ndipo zalipidwa kale zingati? Kalatayo ikhale yaulemu, yofunsa cinthu cimodzi comveka, yokhala ndi tsiku, ndipo ina yofanana nayo isungidwe. Funso loyera liteteza ndi wanchito wa Boma wokhulupirika yemwe, pakuti mphekesera ndiyo ipaka matope olakwa ndi osalakwa pamodzi.

Momwemonso ndi nkhani ya malo. Lands Act ya 1995 iika dziko lonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Zambia, nibvomereza malo a mwambo. Malo a mwambo sangasandutsidwe a kalata ya zaka 99 popanda cilolezo ca mfumu ndi ca khonsolo, ndiponso osafunsa anthu amene nkhaniyo iwakhudza. Mudzi wakuona alendo ali kupima minda yace uli ndi cifukwa cabwino ca kufunsa makalata. Munda wa Naboti unatengedwa ndi makalata olembedwa mseri.

7. Macenjezo asanu

Loyamba: malamulo asinthika, ndipo tsamba lakale likhoza kusokeretsa. Kufikira 2022 m'malamulo a milandu munali cilango ca imfa ndi mlandu wa kunyoza Pulezidenti. Mu Disembala caka cimeneco zonse ziwiri zinacotsedwamo. Kufikira 2023 ukwati wa mwambo unalibe msinkhu woikika m'lamulo la maukwati. Kukonza kwa caka cimeneco kunati ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 suli ukwati, ngakhale ucitike mwa mwambo. Wofufuza akapeza Act afunsenso ngati inakonzedwa pambuyo pace, ndipo afune dzina lomwelo pamodzi ndi mau akuti Amendment.

Laciwiri: si zonse za pa foni ziri zoona. Uthenga woyenda pa WhatsApp kapena pa Facebook wakuti Boma laika lamulo latsopano usakhulupiridwe kufikira munthu ataona dzina, nambala ndi caka cace pa tsamba la Nyumba ya Malamulo kapena pa ZambiaLII. Ngakhale makina atsopano oyankha mafunso monga munthu akhoza kupeka. Mu 2023 woweruza wa ku New York analipitsa maloya cindapusa cifukwa anabwera ndi maweruzo amene makina otere anawapekera, maweruzo amene sanakhalepo konse. Ngati ophunzira anagwa m'mbuna imeneyo, wosaphunzira apondepo mosamala.

Lacitatu: lamulo la dziko lina si la Zambia. Okhala m'malire amva wailesi ya ku Malawi, ndipo cinenero ndi cimodzi, koma malamulo a cuma ca masiye ndi a malo asiyana. Wofufuza aone ngati pamwamba pa tsambalo palembedwa Zambia.

Lacinai: mau a m'malamulo ali ndi matanthauzo ao. Pafupi ndi ciyambi ca Act pali ndime yomasulira mau, ndipo imeneyo iwerengedwe poyamba. Pakuti mau onga mwana kapena wodalira akhoza kutanthauza mosiyana ndi m'mene anthu alankhulira pa mudzi.

Lacisanu: kuwerenga lamulo sikusandutsa munthu loya, monga kuwerenga za mankhwala sikusandutsa munthu dokotala. Safunsa anadya phula. Wosauka wokhala ndi mlandu apite ku Legal Aid Board, bungwe la Boma lothandiza osowa ndalama za loya. Ndipo lamulo la 2021 linabvomerezanso athandizi ophunzitsidwa ochedwa maparalego, amene apezeka pafupi ndi anthu. Wolandidwa cuma kapena wozunzidwa m'banja apite ku polisi ku gawo lochedwa Victim Support Unit. Wosakhutira ndi ciweruzo ca Local Court akhoza kucita apilo kwa majisitireti, koma masiku ace ali ndi malire. Cotero afunse kalaliki wa khoti tsiku lomwelo, asayambe wapita kukakolola.

8. Nchito ya Mpingo

Cobvuta cacikulu catsala: malamulo alembedwa m'Cingerezi, ndipo Cingerezi cace ncolimba ngakhale kwa wotsiriza sukulu. M'midzi yambiri netiweki ibvuta, magetsi kulibe, ndipo ndalama zogulira mabandulo zilimbana ndi za mcere ndi sopo. Iwo amene lamulo liwateteza koposa, ndiwo akazi amasiye, okalamba ndi ana, ndiwo amene atalikira foni koposa. Apa ndipo pafunika Alevi a masiku ano.

Mutu umodzi susenza denga. Pa mpingo uli wonse pali mnyamata kapena mtsikana wodziwa foni, pali mphunzitsi kapena wanchito wopuma wodziwa Cingerezi, ndipo pali akulu odziwa mwambo ndi mitima ya anthu. Atatuwa akakhala pamodzi, buku litseguka. Mpingo ukhoza kutuma mmodzi ku Boma kukasindikiza pa pepala malamulo ocepa ofunika koposa, monga la cuma ca masiye, la mawilo ndi la maukwati, nalemba pa cikuto tsiku limene anawatenga, nawasunga pamodzi ndi mabuku a mpingo. Amai a Cigwirizano akhoza kupatula tsiku limodzi pa caka kuwerenga lamulo la cuma ca masiye ndi kulimasulira m'Cinyanja. Nthawi yabwino yophunzira zimenezi ndiyo pamene palibe maliro, mitima iri pansi. Pakuti lamulo lochulidwa koyamba pa siwa limveka ngati ndeu.

Ndipo nyakwawa ndi nduna za mfumu aitanidwe, osati kukatsutsidwa, koma kuti amve pamodzi ndi anthu ao. Mfumu yodziwa lamulo iweruza mopanda mantha, ndipo ciweruzo cace sicigwetsedwa pa khoti.

Komatu cidziwitso cimeneci cisasanduke nkhwangwa. Ambuye Yesu analangiza munthu kuyanjana ndi mnzace wa mlandu ali m'njira, ndipo Paulo anadzudzula Akorinto cifukwa ca kukokerana ku mabwalo pa nkhani zimene abale akadatha kuzikonza. Koma Paulo yemweyo, atamangidwa ndi zingwe kuti akwapulidwe m'Yerusalemu, anafunsa kenturiyo ngati kuloleka kukwapula Mroma wosaweruzidwa. Ndipo kapitao wamkulu anacita mantha, nammasula. Paulo sanakweze dzanja kapena kutukwana. Anadziwa lamulo, nalichula pa nthawi yace. Kawirikawiri banja likadziwa bwino cimene lamulo linena, mlandu utha pa khonde osafika ku khoti, pakuti wolanda adalira umbuli wa wolandidwa.

Cotero Mkristu aphunzire malamulo a dziko lace pa zifukwa zitatu: kuti awamvere, kuti achinjirize nawo wofooka, ndi kuti lamulo likakhala lokhota alinene poyera mwa njira za mtendere, kupyolera kwa phungu wace, kufikira litakonzedwa. Woyang'anira cuma ca mbale wace akumbukire kuti pali buku lina limene lidzatsegulidwa, m'mene mulibe tsamba lotaika.

Mafunso a m'kalasi

1. Kodi buku la cilamulo linapezeka kuti m'masiku a Yosiya, ndipo mfumu inacita nalo ciani?
2. Nchito ya Alevi pa Nehemiya 8 inali yotani, ndipo ndani angaigwire pa mpingo lero?
3. Bilu isiyana bwanji ndi Act?
4. Munthu wamwalira wopanda wilo, nasiya mkazi, ana, makolo ndi mdzukulu amene anali kumsunga, ndi ndalama K20,000 ngongole zitabwezedwa. Gulu liri lonse lilandira zingati?
5. Ndi cuma citi cimene lamulo la 1989 silikhudza?
6. Kalata yofunsa khonsolo za nchito ya citukuko ilembedwe motani?
7. Kodi Mkristu asiyanitsa bwanji kufuna cilungamo ndi kukonda milandu?

Zopempherera: oweruza, mafumu ndi aphungu, kuti aope Mulungu, akazi amasiye ndi ana amasiye a pa mpingo, ndi onse osankhidwa kuyang'anira cuma ca omwalira, kuti apezeke okhulupirika.